Bonongwe wa ku Athens ndi masamba owawa a ku Crete

Loweruka, 26 Okutobala. Athens

Msonkhano womwe unandibweretsa kuno unatha dzulo, ndipo anzanga anyamuka mbandakucha kupita ku bwalo la ndege. Ine ndatsalira dala. Sabata yonseyi, pa chakudya chamasana pamabwera kambale ka masamba owiritsa othira mafuta ambiri, ndimu yodula pakati ili pambali. Anzanga ena amakakankhira kutali, ine ndimamaliza kanga n'kupemphanso ka woyandikana naye. Dzina lake ndi horta, ndipo Mgiriki aliyense amene ndinamufunsa amandiuza chimodzimodzi, kuti zenizeni zili ku chilumba cha Crete. Ndiye ndagula tikiti ya sitima ya pamadzi ya mawa usiku.

Lero ndinapita ku msika wa mu msewu wa Kallidromiou, ku Exarcheia. Misika yotereyi amaitcha laiki. Dera lililonse lili ndi tsiku lake pa sabata: amatseka msewu m'mawa, alimi ndi ogulitsa n'kuyala katundu pa mabenchi, kenako masana onse amapakira. Ndinakwera chitunda wapansi, mawondo akudandaula.

Pakati pa mphesa, makangaza ndi maolivi ndinaona mulu wa masamba n'kuima chilili. Ndinatola nthambi imodzi, kuitembenuza, kuinunkhiza. Bonongwe. Masamba ake ndi ocheperako kusiyana ndi amene amamera pa khola kwathu ku Ntcheu, koma ndi yemweyo. Pa kapepala analemba kuti vlita, mayuro 2 pa kilo. Bambo ogulitsawo, poona kuti ndikuseka ndekha, anandiuza m'Chingerezi chodukaduka kuti ameneyu ndi womaliza. Vlita ndi wa nyengo yotentha. Mvula ikayamba, malo ake amatenga masamba a kutchire, ndipo anandiloza milu ina: radikia wa masamba ong'ambikang'ambika, zochos, antidia. Anathyola tsamba la radikia kuti ndilawe. Linawawa mpaka kukhosi. Iwo anaseka n'kundipatsa mphesa zingapo zotsukira m'kamwa, osalola kuti ndilipire.

Masana ndinalowa m'kalesitilanti kakang'ono, komwe iwo amati taverna, n'kuitanitsa vlita. Mayuro 6 mbale imodzi. Sindinafune n'komwe kuwerengera kuti mu kwacha ndi zingati, mutu ukanandipweteka. Anabwera wofunda pang'ono chabe, wopanda tomato, wopanda anyezi, wopanda nsinjiro, pamwamba pali kazukini kowiritsa. Mchere, mafuta a maolivi, ndimu, basi. Supuni yoyamba lilime linafunafuna nsima. Koma nditayamba kuviika buledi m'mafuta otsalira pansi, ndinazindikira kuti kukoma kwa bonongwe weniweni, payekha, ndinali ndisanakumvepo. Pa tebulo loyandikana nalo panali bambo ovala suti, nawonso akudya mbale yomweyo pamodzi ndi tinsomba tokazinga, mopanda manyazi.

Lamlungu, 27 Okutobala. Piraeus, kenako panyanja

Usiku wathawu abweza mawotchi ndi ola limodzi, ndiye kuyambira lero nthawi ya kuno ikufanana ndi ya kwathu. Ndinaimbira amayi osawerengera kaye pa zala.

Kuchoka ku Monastiraki kupita ku doko la Piraeus ndinakwera sitima ya pamtunda ya mzere wobiriwira, yuro imodzi ndi masenti 20. Dokolo ndi lalikulu moti kuchoka pa siteshoni kukafika pomwe pamaima sitima za ku Crete ndi ulendo pawokha, makamaka ukukoka chikwama chothyoka tayala. Sitima imanyamuka cha m'ma 9 koloko usiku n'kukafika kukucha pa doko la Souda, pafupi ndi mzinda wa Chania ku Crete. Malole athunthu amalowa m'mimba mwake. Ine ndinagula tikiti yotsika mtengo, yopanda chipinda, ndipo ndinapeza kuti sindili ndekha: asilikali achinyamata, ophunzira, mabanja, onse atayala mabulangete m'makonde ndi pansi pa masitepe.

Madzi ndimawaopa, ndisabise. Cha pakati pa usiku sitima inayamba kuyendera mbali, makapu akutsetsereka pa matebulo, ine nditagwira mpando ndi manja awiri. Mayi ena achikulire omwe anakhala moyang'anizana nane anatulutsa m'thumba buledi wouma gwa wa balere, paximadi, n'kundiuza ndi manja kuti nditafune pang'onopang'ono. Anandipatsanso khungu la ndimu kuti ndizinunkhiza. Sitinamvane mawu ngakhale amodzi. Mseru unachepa, koma tulo sitinabwere.

Lolemba, 28 Okutobala. Chania

Tinafika kudakali mdima. Basi ya mumzinda imadikirira pa doko pomwepo, ndipo makilomita 7 ofika ku Chania ndinawayenda ndikusinza. Chipinda ndapeza pa nyumba ya mayi ena a zaka za m'ma 60, kuseri kwa mzinda wakale. Ndimawaitana kuti kyria, monga aliyense pano amachitira kwa mayi wamkulu, iwo amanditcha pedi mou, mwana wanga. Chingerezi amachidziwa bwino ndithu, akuti anagwirapo ntchito m'mahotela zaka zambiri.

Masitolo ambiri ndi otseka. Lero ndi tsiku lokumbukira 28 Okutobala 1940, pamene mtsogoleri wa dziko lino, Ioannis Metaxas, anakana kulola asilikali a Italy kulowa mu Greece. Ana asukulu anaguba mumsewu atavala zoyera ndi zabuluu, ena zovala zachikale za ku Crete, majombo ataliatali ndi kansalu kakuda kumutu. Ndinaonerera pang'ono n'kubwerera kukagona.

Madzulo kyria anandiitana kukhitchini, poti anadziwa kuti sindinagule kanthu. Panali mphodza, maolivi, tchizi, ndi mbale yaikulu ya masamba. Nditawauza chomwe ndadzera ku Crete anaseka mpaka kupukuta misozi: munthu kuwoloka nyanja chifukwa cha udzu! Kenako anakhala chete, n'kuyamba nkhani ya mayi awo, omwe anali kamtsikana pamene asilikali a Germany anatsika ndi maparachuti ku Maleme, kumadzulo kwa mzinda uno, pa 20 Meyi 1941. Nyengo yozizira ya 1941 mpaka 1942 inadza ndi njala yoopsa. Adani analanda mafuta, ziweto ndi tirigu, pomwe sitima za Britain zinatseka njira za panyanja, ndipo ku Athens ndi ku Piraeus anthu masauzande ambiri anafa, ena m'misewu momwe. Kumidzi anapulumuka ambiri chifukwa ankadziwa tchire. Mayi awo ankatumidwa m'mawa uliwonse ndi kampeni ndi thumba, kukafuna masamba, nkhono ndi zipatso za mtengo wa haroupi zomwe ankapera n'kupanga ufa.

Ndinakumbukira njala ya 2002 kwathu, koma sindinanene. Chomwe chinandikhala mumtima ndi china. Ife ndiwo zomwe zinatipulumutsa pa njala timazibisa mlendo akabwera, timathamangitsa nkhuku, chisoso ndi bonongwe n'kuzisiya kukhitchini. Kuno mbale ya masambayo anaiika pakati pa tebulo, n'kundiyang'ana kuti aone ngati ndiikonde.

Lachiwiri, 29 Okutobala. Chania, mvula tsiku lonse

Sindinatuluke. Mnansi wa kyria anabweretsa thumba lodzaza radikia ndi zochos kuchokera kumunda kwake, ndiye m'mawa wonse tinathera pa sinki.

Ntchito yaikulu ya horta si pa moto, ndi posankha ndi potsuka. Tsinde lililonse limabwera ndi kamuzu kake. Kyria amadula muzu koma amasiya kamutu komwe kamagwira masamba pamodzi, amakapala ndi mpeni, kakakhala kakakulu amakang'amba pakati kuti kapse msanga. Masamba achikasu ndi olimba amataya. Sadula tizidutswa monga timachitira ndi mpiru kapena repu, tsamba limalowa mu poto lathunthu. Kenako kutsuka: kuviika m'madzi ambiri othira vinyo wosasa pang'ono kuti tizilombo tituluke, kunyamula masambawo ndi manja kupita mu beseni lina, kutaya madzi a mchenga, kubwerezanso mpaka pansi pa beseni pasatsale kanthu. Zala zanga zinachita dzanzi ndi kuzizira.

Poto wake ndi wamkulu, madzi odzaza, ndipo amadikira kuti abwadamuke kwambiri asanathire mchere ndi masamba. Apa ndi pomwe tinatsutsana. Ine ndinaphunzitsidwa kuti ndiwo zamasamba zimafuna timadzi tochepa ndi chivundikiro, kuti zipse ndi nthunzi yake. Iwo akuti ayi, madzi ambiri amachotsa kuwawa kopitirira, ndipo poto ukamuvundikira masamba amada. Soda sathira, ndipo nditawafotokozera za chidulo anandiyang'ana modabwa. Pofuna kudziwa ngati zapsa, amavuula katsinde kamodzi n'kukafinya pakati pa zala. Radikia anatenga mphindi pafupifupi 20. Vlita, akuti, theka la nthawi imeneyo limamukwanira.

Satsanula madzi. Amavuula masambawo ndi foloko yaikulu n'kuwaika mu sefa, kuti kamchenga komwe kanazemba katsalire pansi pa poto. Thumba lonse lija linasanduka mbale imodzi ya anthu atatu. Mafuta ndi ndimu zimadikira mpaka pa tebulo, chifukwa ndimu ikakhalitsa pa masamba imawasandutsa ofiirira. Ndipo mafutawo sathira modontheza. Ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja, pokumbukira mtengo wa botolo la mafuta ophikira ku Lilongwe, koma awa ndi a m'munda wa banja lawo, amasunga m'chitini chachikulu pansi pa sinki.

Ndinali nditakonzeka kale kudandaula kuti zabwino zonse za m'masamba zatsalira m'madzi, pamene kyria anatunga madzi obiriwirawo m'makapu awiri, kufinyiramo ndimu, n'kundipatsa imodzi. Akuti amatsuka magazi ndi chiwindi. Zimenezo ndawasiyira eni ake. Chomwe ndinganene n'chakuti amawawa koopsa, ndipo pa tsiku lozizira chonchi amatenthetsa m'mimba bwino. Otsala amasungiramo masamba mu fuliji, kuti mawa adye ozizira. Zodya ndiwo zozizira ndiye zikundivutabe, pamenepo sitinagwirizane.

Lachitatu, 30 Okutobala. Mudzi wina pafupi ndi Vamos

Kyria anaimbira azakhali awo kumudzi kuti andiperekeze kutchire. Ndinafika pa depoti ya mabasi a KTEL molawirira kwambiri poopa kusiyidwa, ndiye ndinakhala nthawi yaitali ndikumwa khofi wa matope pansi pa kapu. Vamos ili m'chigawo cha Apokoronas, kum'mawa kwa Chania, ulendo wosakwana ola. Msewu umadutsa m'minda ya maolivi yokhayokha, mapiri a Lefka Ori akuonekera kudzanja lamanja. Ena ayamba kale kuyala maukonde pansi pa mitengo, poti kukolola kuyamba mwezi wa mawa.

Agogowo anandidikirira pamsewu ndi mdzukulu wawo womasulira. Ndi aafupi, ovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, zaka zopitirira 80, koma pa chitunda anandisiya kumbuyo ndikupuma wefuwefu. Mpeni wawo watha mbali imodzi ndi kunola. Mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa mwezi uno, choncho masamba akadali aang'ono, ndipo akuti nthawi yabwino kwenikweni ndi kuyambira Disembala mpaka Epulo. Komabe pomwe ine ndimangoona udzu, iwo amawerama n'kudzuka ndi kanthu. Amalowetsa mpeni pansi pa tsinde, kudula pamwamba pa muzu, kukutumula dothi, n'kuponya m'thumba. Amatchula dzina lililonse n'kundiuza kuti ndibwereze. Akuti mbale yabwino imafuna kusakaniza: owawa, otsekemera, ndi onunkhira pang'ono monga maratho. Mtundu umodzi wokha ndi ulesi.

Pali malo omwe anakana kuthyola ngakhale masamba anali ambiri, m'mbali mwa msewu ndi m'munda wina womwe mwini wake amapopera mankhwala opha udzu. Kenako anandigwira mkono n'kundionetsa chomera cha masamba aakulu, okwinyikakwinyika, oyala pansi. Mandragoras. Anapukusa chala pamaso panga. Mdzukuluyo anati chimenechi chimagonetsa anthu m'chipatala, makamaka obwera kuchokera kutauni amene amachisokoneza ndi masamba odyedwa. Kuyambira pamenepo sindinathyolenso kanthu ndisanawaonetse.

Pansi pa miyala anatolanso nkhono, zomwe kuno amakazinga ndi vinyo wosasa. Anandilonjeza kuti ndikabweranso adzandiphikira. Ndinathokoza mwaulemu, mumtima ndikupempha kuti aiwale.

Chakudya chamasana chinandiphunzitsa china. Lachitatu ndi Lachisanu Akhristu a mpingo wa Orthodox olimbikira amasala nyama, nsomba, mkaka ndi mazira, ndipo okhwimitsa amasala ndi mafuta omwe. Agogo anadya masamba awo ndi ndimu yokha, mbatata yachizungu yowiritsa ndi buledi. Mbale yanga anaithira mafuta mpaka kusefukira, akuti mlendo sasala. Ukawonjezapo masabata osala Pasaka ndi Khirisimasi zisanafike, ukuona chifukwa chake anthu awa anafika podziwa tchire lawo chonchi.

Mdzukuluyo, yemwe akuphunzira za udokotala ku Heraklion, anandiuza za kafukufuku wa Ancel Keys wa m'mayiko asanu ndi awiri. Mu 1960 anayamba kutsatira amuna pafupifupi 700 a m'midzi ya ku Crete, ndipo anapeza kuti matenda a mtima ankawapha mochepa kwambiri kuposa amuna a ku Finland kapena ku America. Kuchokera pamenepo mbiri ya kadyedwe ka ku Mediterranean inafalikira, mpaka bungwe la UNESCO linakaika pa mndandanda wake wa chikhalidwe choyenera kusungidwa mu 2010. Iye mwini anaseka kuti amuna amenewo ankayenda mapiri tsiku lonse kumbuyo kwa mbuzi, pomwe iye ndi anzake amadya souvlaki, nyama yowotcha yobaya pa kamtengo, atakhala pa njinga yamoto. Ndinagwirizana naye. Masamba okha sangasenze ulemu wonsewo.

Lachinayi, 31 Okutobala. Omalos

Mwana wa kyria anali ndi zochita kumapiri, ndiye ananditenga pa galimoto yake. Msewu umayamba bwinobwino m'minda ya malalanje ya ku Fournes, kenako umakhotakhota kukwera kudzera ku Lakkoi, phompho lili pambali. Iye amayendetsa ndi dzanja limodzi, lina akundilozera midzi. Ine maso anali pa mapazi anga, ndikupemphera chamumtima.

Omalos ndi chigwa chathyathyathya pamwamba pa mapiri, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja. Alendo amafika kuno kuti atsike wapansi m'chigwa chakuya cha Samaria, koma nyengo yake ikutha ndipo tinapeza kuli zii, nkhosa zokha ndi mphepo yolowa m'mafupa. Juzi yanga ya ku Dedza inalephera.

Ine ndinadzera stamnagathi, masamba amene aliyense ku Crete amawatchula monyadira. Ndi kachitsamba kaminga kokhala pansipansi, timasamba take timabisala mkati mwa mingamo, choncho kuthyola kwake n'kolasa zala. Mwini taverna yomwe tinadyamo ananena mosabisa kuti amene watipatsa ndi wolimidwa, poti wa kuphiri kuno amathyola chipale chikasungunuka. Masiku ano alimi amamudzala m'minda chifukwa malesitilanti a ku Athens amamufuna kwambiri, ndipo mtengo wake pa msika umaposa wa masamba ena onse omwe ndaona. Tinadya mitundu iwiri: wowiritsa wa mafuta ndi ndimu, ndi wina wophikira limodzi ndi nyama ya mbuzi mu msuzi wa dzira ndi ndimu. Kuwawa kwake n'kofatsa, kumabwera mochedwa. Wa mbuziyo ndikanatha kudya mpaka mawa. Pomaliza anabweretsa tsikoudia, kachasu wa mphesa yemwe amatcheza miyezi ino, waulere. Ndinangonyambita, koma anandithandiza potsika phiri.

Loweruka, 2 Novembala. Chania

Dzulo ndinagona tsiku lonse, miyendo itakana.

Lero kunali laiki mu msewu wa Minoos, pafupi ndi khoma lakale la mzinda. Kuno masamba a kutchire ali ndi mabenchi awoawo, ena amagulitsa osakaniza kale. Ndinaona amayi akukangana ndi wogulitsa chifukwa chothira madzi ambiri pa masamba kuti alemere pa sikelo. Ndinkafuna vlita kuti ndiphikire kyria bonongwe wotendera, koma watha, ndiye ndinagula seskoula, wa masamba aakulu ofewa, yuro imodzi ndi theka. Mtedza wosakazinga unandivuta, paliponse ndi wamchere wodyera mowa, mpaka ndinaupeza m'kasitolo ka zouma. Ndinasinja mu kamtondo ka kyria komwe amasinjiramo adyo, ndipo fungo lake linalowa mu nsinjiro. Ufa ndinapeza wachikasu wokha, nsima inatuluka yolimba koma yodyeka.

Kyria anaima pambali panga nthawi yonse, manja kumbuyo, akuoneka kuti akuvutika poona timadzi tochepa, tomato, ndi poto wovundikira. Anadya ndi manja monga ndinawaonetsera, anawonjezera kachiwiri, kenako anapereka chigamulo chawo: n'zokoma kwambiri, koma masamba sakumveka, akumva mtedza. Sindinatsutse, chifukwa ndi zoona. Nanenso ndinawauza kuti zawo n'zokoma koma munthu wogwira khasu sangafike nazo madzulo. Anati n'chifukwa chake pali buledi. Mwana wawo anafinyira ndimu pa ndiwo zotendera tonse tikuyang'ana, ndipo anamaliza poto.

Wailesi yalengeza mphepo yamphamvu mawa, ndipo kyria akuti ikapitirira muyeso akuluakulu a doko amaletsa sitima kunyamuka. Ndege yanga ndi ya Lachiwiri, ndiye mtima uli m'mwamba pang'ono. Vuto lina ndi chitini cha malita 5 a mafuta chomwe andipatsa, ndipo akukana kumva zoti chikwama chili ndi malire a makilo 23. Ndakhala pansi ndikusankha zoti ndisiye. Nsapato za msonkhano zatuluka kale, mabuku awiri omwe anatigawira kumeneko akutsatira.